Luso ndi Chikhulupiriro ku Balaka

Munthu wochokera ku Zomba kulowera ku Lilongwe akawoloka mtsinje wa Shire pa Liwonde, amalowa m'chigwa chotentha cha malambe ndi minda ya thonje. Pakati pa chigwa chimenechi pali tauni ya Balaka. Kwa zaka zambiri tauniyi inkadziwika ndi siteshoni ya sitima ya pamtunda ndi malonda a thonje basi. Mpaka m'chaka cha 1998 dera lonseli lidali mbali ya boma la Machinga, lomwe kale linkatchedwa Kasupe, ndipo mlendo wongodutsa sakadaganiza kuti m'fumbi la pamenepa mungatuluke kanthu kogwedeza dziko. Komatu m'zaka makumi awiri zoyambira 1978, kuno ndiko kudachokera nyimbo zomwe Amalawi adavina kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ndipo kuno ndiko kudasindikizidwa kalata yomwe idatembenuza ndale za dziko lino. Zinthu ziwiri zonsezi zidaphuka pabwalo la tchalitchi cha Katolika.

Nchifukwa ninji zidachitikira ku Balaka, osati ku Blantyre kapena ku Lilongwe kumene kudali ndalama, wailesi ndi anthu ophunzira? Yankho lake likuyambira kutali, m'dziko la France, zaka mazana atatu zapitazo.

Parishi ya Balaka idatchedwa dzina la Louis-Marie Grignion de Montfort, wansembe yemwe adabadwa m'chaka cha 1673 namwalira mu 1716 ali ndi zaka 43 zokha. Munthuyu ankayenda wapansi m'midzi ya alimi osauka a kuzambwe kwa France, anthu omwe ambiri mwa iwo sankadziwa kuwerenga. Iye adaona kuti ulaliki wautali umalowera khutu ili nkutulukira linalo, pamene nyimbo imatsalira m'mutu, munthu nkumaiimba ali kumunda. Motero adapeka nyimbo zoposa 150 zophunzitsa chikhulupiriro, ndipo zambiri mwa izo adaziika pa maimbidwe a nyimbo wamba zomwe anthu ankaimba kale m'misewu ndi m'magule. Ankasemanso mitanda ndi ziboliboli za Maria. M'zaka za 1709 ndi 1710 adasonkhanitsa khamu la anthu a m'midzi pa Pontchâteau, naunda chulu chachikulu ngati phiri, nadzikapo mitanda itatu pokumbukira Kalivare. Ntchitoyo itangotha, akuluakulu a boma adanong'oneza mfumu Louis XIV kuti adani akhoza kusandutsa chuluchi linga la nkhondo, ndipo mfumuyo idalamula kuti chigumulidwe. Apa pakuoneka zinthu ziwiri zomwe zidadzabwerezeka ku Balaka: chikhulupiriro chovala luso la anthu wamba, ndiponso boma lochita mantha ndi ntchito ya manja a anthu osauka.

Ansembe a chipani chomwe iye adayambitsa adafika m'dziko la Nyasaland m'chaka cha 1901, namanga mishoni yawo yoyamba pa Nzama ku Ntcheu. Mu 1908 adatsikira kuchigwa natsekula mishoni ya Utale, pafupi ndi mtsinje wa Rivirivi, ndipo pambuyo pake adamangapo malo osamalirako odwala khate. Amishoni amenewa sadali alesi. Adaphunzira chiyankhulo, adatsekula masukulu a m'midzi, adaphunzitsa anthu kuumba njerwa, kupala matabwa ndi kumanga nyumba zazitali zomwe zina zikadalipo. Koma chodabwitsa nchakuti ana a munthu yemwe adabwereka maimbidwe a m'misewu ya kwawo sadabwereke maimbidwe a kuno. Misa inkachitika m'Chilatini monga mwa lamulo la mpingo wonse nthawi imeneyo. Nyimbo zomwe zidamasuliridwa m'Chinyanja zidasunga maimbidwe a ku Ulaya, kotero kuti mawu ankapindika kuti akwanire m'chikombole chachilendo, kukweza pofunika kutsitsa ndi kudula pofunika kukoka. Ng'oma idatsala panja.

Amishoniwo adali ndi zifukwa zawo. Kwa iwo ng'oma inkanunkha dambwe, chinamwali, mowa wa maliro ndi magule a usiku. Ku Mua, kumene ansembe a chipani china cha White Fathers adakhazikika mu 1902, mkangano wa pakati pa mishoni ndi gule wamkulu udakula zedi m'zaka za m'ma 1920, mpaka milandu idafika kwa atsamunda. Kuchigwa cha Shire nako kudali jando ndi nsondo, miyambo yomwe ansembe ankaiona ngati mpikisano wolanda ana a sukulu. Choncho munthu wofuna ubatizo ankauzidwa kuti asankhe: mtanda kapena ng'oma. Zotsatira zake zidali Mkhristu wa mitima iwiri. Lamulungu m'mawa ankagwada chete nkumayankha mawu omwe sankawamva, koma madzulo ake mayi yemweyo ankapeka nyimbo yokoma pamtondo, yodandaula za mwamuna woledzera kapena za njala, ndipo mwamuna wake ankaliza bangwe pakhonde. Luso lenileni la anthu lidali kumudzi. Kutchalitchi kunkapita thupi lovala bwino ndi pakamwa pobwereza.

Si mipingo yonse idayenda njira imeneyi mofanana. Kumpoto, pa mishoni ya Loudon ku Embangweni, m'busa Donald Fraser wa mpingo wa Livingstonia adalimbikitsa Angoni ndi Atumbuka kupeka nyimbo zachikhristu pa maimbidwe a makolo awo kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula adasandutsa maimbidwe a ingoma ndi a nkhondo kukhala nyimbo zotamanda Mulungu. Izi zikusonyeza kuti vuto silidali m'Chikhristu chenichenicho ayi. Ngakhale Baibulo lomwe amishoni adabwera nalo limasimba za Bezaleli, m'buku la Eksodo mutu 31, yemwe Mulungu adamudzaza ndi mzimu wake kuti akhale mmisiri wosema mitengo ndi wosula zitsulo. Limasimbanso za mfumu Davide yemwe adavina ndi mphamvu zake zonse patsogolo pa Bokosi la Chipangano, mkazi wake Mikala namunyoza ali pazenera. Anthu onga Mikala sadayambe asowapo mumpingo.

Kwa Akatolika khomo lidatseguka ndi msonkhano waukulu wa aepiskopi a dziko lonse lapansi womwe udachitikira ku Vatican kuyambira 1962 mpaka 1965. Chikalata chake chokhudza mapemphero, chomwe chidatuluka pa 4 Disembala 1963, chidalola kuti ziyankhulo za anthu zilowe m'Misa, ndiponso chidalangiza kuti maimbidwe a mitundu ya anthu a m'maiko a mishoni alemekezedwe ndi kupatsidwa malo. Ku Congo anthu adali atayesa kale: mu 1958 gulu la anyamata a sukulu, motsogozedwa ndi Bambo Guido Haazen, lidajambulitsa Missa Luba, Misa ya mawu a Chilatini koma yoimbidwa ndi ng'oma ndi maimbidwe a Chiluba, ndipo idamveka dziko lonse lapansi. Kuno kwathu ng'oma, maseche ndi zisekese zidayamba kulowa m'tchalitchi pang'onopang'ono. Otsutsa kwambiri nthawi zina sadali Azungu ayi, koma akuluakulu a mpingo achikuda omwe adataya magule a makolo awo ndi mtima wonse pa tsiku la ubatizo. Kwa iwo kumva ng'oma pafupi ndi guwa kudali ngati kuuzidwa kuti nsembe yomwe adapereka paubwana wawo idali yopanda pake. Madandaulo awo sadali opusa, ndipo wolemba mbiri sayenera kuwaseka.

Pa msewu wochokera ku Balaka kupita ku Salima, ku Mua komwe kuja kudali mkangano ndi gule wamkulu, kudachitika chinthu chomwe ansembe akale sakadachilota. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe adalandira mfunda wa Chisale, adayambitsa malo a zaluso a KuNgoni. Kumeneko amisiri adayamba kusema Yesu wa nkhope ya Chiafirika, Maria wobereka mwana kumbuyo, ndi nkhani za m'Baibulo zolukana ndi nthano za Achewa za chilengedwe. Zosema zawo zidafika mpaka ku Ulaya, monga m'kachisi wa bungwe la Missio mumzinda wa Munich ku Germany. Ku Mua chikhulupiriro chidayankhula kudzera m'sompho ndi tchizulo. Patangopita zaka ziwiri, ku Balaka chidayankhula kudzera m'gitala.

M'chaka cha 1978 Bambo Mario Pacifici, wansembe wachinyamata wa ku Italy wa chipani cha Montfort, pamodzi ndi achinyamata a m'parishi ya Balaka, adayambitsa gulu loimba la Alleluya Band. Mtsogoleri wake pa zoimba adali a Paul Banda a m'mudzi wa Sosola. Masiku amenewo anyamata a m'midzi ankadzipangira okha mabanjo ndi magitala: chigubu cha mafuta, thabwa losema ndi mpeni, ndi mawaya a mabuleki a njinga. Gululi nalo lidayamba mosaukira chomwecho, zida zamagetsi nkudzabwera pambuyo ndi thandizo la wansembeyo ndi abwenzi ake a kwawo. Chatsopano pa gulu limeneli sichidali kuimba za Mulungu chabe, pakuti makwaya adalipo kale m'mipingo yonse. Chatsopano chidali chakuti adatenga zida zomwe anthu ankazidziwa ngati za m'mabala ndi m'malo ovinira, nazipatsa uthenga wa chikondi, mtendere, kukhululukirana ndi ulemu wa munthu wosauka, kenaka nkutuluka nazo m'tchalitchi kupita m'mabwalo, m'masukulu ndi m'maholo. Mosadziwa kapena modziwa, adabwerera ku nzeru ya Montfort mwini wake.

Kuti munthu amvetse kulemera kwa zimenezi ayenera kukumbukira mmene dziko lidalili. Kuyambira 1966 Malawi lidali dziko la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu, masewero ndi nyimbo, lomwe lidali ndi mphamvu yoletsa chilichonse. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo woimba wofuna kumveka ankayenera kudzera pakhomo limenelo. Luso silidaphedwe ayi, koma lidalembedwa ntchito: amayi a m'maboma onse ankapeka nyimbo ndi kuvina pamaso pa Ngwazi, ndipo magule a makolo adavekedwa mawu otamanda munthu mmodzi. Yemwe adayesa kuimba zina adaona zakuda. Mlakatuli Jack Mapanje, mwana wa ku Mangochi, adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'dziko lotere, achinyamata oimba kuti wamkulu ndi Mulungu yekha, ndi kuti wosauka naye ndi chifaniziro chake, ankanena kanthu kolemera kuposa mmene mawuwo ankamvekera. Palibe wapolisi akadawamanga chifukwa cha Aleluya, komabe womva ankamva. Bwalo la tchalitchi lidali limodzi mwa malo ochepa kumene achinyamata ankatha kusonkhana, kuyesa maganizo awo ndi kupeka zatsopano popanda kuyamba afunsidwa khadi la chipani.

Bambo Pacifici adazindikiranso msanga kuti woimba wanjala sachedwa kugulitsa gitala. M'chaka cha 1984 adayambitsa bungwe la achinyamata la Andiamo, dzina la Chitaliyana lotanthauza kuti "tiyeni". Cholinga chidali chakuti oimbawo ndi anzawo akhale ndi ntchito ya manja: ukalipentala, zomangamanga, umakaniko ndi ulimi. M'kupita kwa nthawi pamalopo padamangidwa sukulu, chipatala ndi malo ophunzitsirapo achinyamata zoimba otchedwa dzina la Cecilia Woyera, nkhoswe ya oimba mumpingo wa Katolika. Apa luso silidayesedwe chokometsera cha pa chikondwerero ayi, koma ntchito yofanana ndi kupala thabwa, yofuna kuphunzira, kupirira ndi kudzuka m'mamawa. Mwa ana omwe adakulira m'gululi mudali mng'ono wawo wa a Paul Banda, dzina lake Lucius, wobadwa mu 1970, yemwe adayamba kuimba nawo akadali mnyamata wa zaka khumi ndi zitatu.

Pamene magitala ankalira mbali ina ya tauniyi, mbali inanso kunkalira makina. Ansembe a Montfort adali ndi nyumba yosindikizira mabuku ku Balaka, yomwe dzina la Bambo Piergiorgio Gamba lidamangiririka nayo. Ntchito yake ya masiku onse idali yofatsa: mabuku a mapemphero, a katekisimu ndi a nyimbo. Kusindikiza nako ndi umisiri, ngakhale kuti mmisiri wake saombedwa m'manja; amasanja mawu, nayesa inki, napinda mapepala, dzina lake osaoneka paliponse. Kumayambiriro kwa chaka cha 1992 amisiri amenewa adalandira ntchito yoopsa kuposa zonse. Aepiskopi a Katolika, motsogozedwa ndi Ambuye James Chiona a ku Blantyre, adalemba kalata ya nyengo ya Lenti yomwe mutu wake pa Chingerezi udali Living Our Faith. Mmodzi mwa osayina adali Ambuye Alessandro Assolari a dayosizi ya Mangochi, yomwe Balaka ili m'manja mwake. Makope 16,000 a m'Chichewa, Chitumbuka ndi Chingerezi adasindikizidwa ku Balaka, nagawidwa m'maparishi a dziko lonse, boma la maso ndi makutu ambirimbiri lija osadziwa kanthu.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalatayo idawerengedwa m'matchalitchi onse a Katolika. Idanena poyera zomwe anthu ankanong'onezana m'nyumba atatseka zitseko: kukula kwa phompho pakati pa olemera ndi osauka, malipiro ochepa a antchito, mitengo yotsika ya mbewu za alimi, kuthithikana m'masukulu ndi m'zipatala, ziphuphu ndi kukondera, kumanga anthu popanda mlandu, ndiponso kutseka pakamwa anthu oganiza mosiyana ndi boma. Boma lidayankha mwaukali. Aepiskopi adaitanidwa ku polisi ku Blantyre nafunsidwa kwa maola ambiri, kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira boma, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Pa msonkhano wa akuluakulu a chipani ena adafika ponena kuti aepiskopiwo aphedwe. Tepi ya msonkhanowo idatuluka mozemba nimveka pa mawailesi a kunja. M'mwezi womwewo nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa ndi moto, ndipo anthu ambiri adaloza chala Apayoniya. Mu Epulo, Bambo John Roche a ku Ireland, omwe ankayendetsa dayosizi ya Mzuzu, adapirikitsidwa m'dziko muno.

Moto wa ku Balaka udachedwa. Mawu adali atatuluka kale, ndipo anthu ankakopera kalatayo ndi kupatsirana mobisa. Ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pamsewu kuvomereza aepiskopi, a Chakufwa Chihana adabwerera kumudzi pa 6 Epulo namangidwa pabwalo la ndege, antchito a ku Blantyre adanyanyala mu Meyi, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 alionse omwe adaponya voti adavotera ndale za zipani zambiri pa riferendamu. Kungakhale kukokomeza kunena kuti makina a ku Balaka ndiwo adagwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi. Padali zifukwa zina zambiri, monga kutha kwa mkangano wa maiko a kuzambwe ndi a kuvuma, kuimitsidwa kwa thandizo la maiko akunja, ndi chilala choopsa cha chaka chomwecho. Koma owotcha nyumba ija adadziwa chomwe ankachita. Monga mfumu ya ku France pa Pontchâteau, adazindikira kuti choopsa si chikhulupiriro chobisika mumtima, koma chikhulupiriro chomwe chapeza mmisiri wochipatsa thupi loti anthu achione, achigwire ndi kuchipatsirana.

Ufulu utabwera, mbewu yomwe idafesedwa mu 1978 idabala mochuluka. Pofika zaka za m'ma 1990 ku Balaka kudali nyumba yojambulira nyimbo yotchedwa Imbirani Yahwe, yomwe ambiri ankangoiti IY, ndipo a Paul Banda ndiwo adali katswiri wake. Dzina lokhalo likuulula kumene idachokera. Mnyamata wosauka adatha kujambulitsa nyimbo zake popanda kukagwada ku wailesi ya boma kapena kupita kunja. Matepi ankagulitsidwa kudzera kwa amalonda monga O.G. Issa ku Limbe, nafalikira m'misika, m'mabasi ndi m'magolosale a dziko lonse. M'gulu la Alleluya mudatuluka mayina monga Charles Sinetre, Coss Chiwalo, Foster Chimangafisi ndi Isaac Liwotcha, ndipo oimba ena monga Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro adadzera pakhomo lomwelo la Balaka poyamba ulendo wawo. Maimbidwe awo adatsamira pa chamba cha rege cha ku Jamaica, chofewetsedwa ndi kuvekedwa mawu a Chichewa, mpaka anthu adachitcha chamba cha Balaka.

Kusankha rege sikudali kwangozi. Chamba chimenechi, chomwe Bob Marley adachifalitsa ndipo Lucky Dube adachizika kummwera kwa Afirika, chidakulira m'chiyankhulo cha Baibulo: ukapolo wa ku Ejipito, ulendo wa m'chipululu, ndi Babiloni ngati chizindikiro cha ulamuliro wopondereza. Mwana wokulira m'kwaya sadachite kuphunzira chiyankhulo chimenechi. Adali akuchidziwa kale. A Lucius Banda adatulutsa chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man, nthawi yomwe dziko linkasintha, ndipo m'menemo mudali nyimbo ya Mabala yokumbutsa zilonda za ulamuliro wakale. Chidatsatira ndi Down Babylon. Anthu adawapatsa dzina loti Soja, msilikali wa amphawi, ndipo mu 1997 adayambitsa gulu lawolawo la Zembani. Maboma omwe adabwera pambuyo pa 1994 nawo adalawa lilime lawo, mpaka nthawi zina wailesi ya boma inkaleka kuulutsa nyimbo zawo.

Apa mpamene padabuka funso lomwe Akhristu ambiri adakangana nalo. Kodi nyimbo yodzudzula nduna yakuba, yoimbidwa m'holo momwe anthu akumwa mowa, ikadali ntchito ya chikhulupiriro? Ena adati ayi: ana a mpingo atengeka ndi ndalama ndi kutchuka, asiya guwa nkupita kudziko. M'zaka zomwezo msika udagawa oimba m'magulu awiri, a nyimbo zauzimu ndi a nyimbo za kudziko, ngati kuti Mulungu ali ndi shelefu yakeyake m'sitolo. Madandaulowo adali ndi pogwira, pakuti si onse otuluka ku Balaka adasunga mwambo womwe adaphunzira, ndipo ena atalowa ndale lilime lawo lidafewa pamene chipani chawo chili pampando. Komabe kugawa kotereku nkopepuka. Mneneri Amosi, m'mutu wachisanu wa buku lake, adachenjeza kuti Mulungu amanyansidwa ndi phokoso la nyimbo ndi azeze ngati m'dziko mulibe chilungamo. Nyimbo yolira m'malo mwa mayi wamasiye wolandidwa katundu ili pafupi ndi Amosi kuposa nyimbo yotchula dzina la Yesu kakhumi koma yongolonjeza galimoto ndi nyumba. Kalata ya 1992 ndi matepi a zaka zotsatira zidanena chinthu chimodzi, china pa pepala, china pa gitala.

Pali zina zomwe mbiri yoona siyenera kubisa. Chamba cha Balaka chitagwira msika, ambiri adangochikopera. Kiyibodi imodzi idalowa m'malo mwa woimba ng'oma, woliza lipenga ndi wa gitala, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nyimbo zambiri zinkamveka ngati ana a mimba imodzi. Nchomvetsa chisoninso kuti gulu lomwe lidabadwa m'nyengo yobwezera ng'oma m'tchalitchi lidatchuka ndi maimbidwe a ku Jamaica, pamene mangolongondo, bangwe ndi kaligo zidatsalira m'midzi. Dera la Machinga nlolemera ndi magule monga manganje ndi beni, ndipo Asilamu, omwe ndi ochuluka m'derali, ali ndi sikiri, luso lawolawo lotamanda Mulungu ndi mawu ndi mpweya wa m'chifuwa popanda chida chilichonse. Chuma chonsechi chidalowa pang'ono chabe m'matepi a ku Balaka. Mayina a amayi nawo ndi osowa pa mndandanda wa otchuka, chonsecho amayi ndiwo amadzaza makwaya a m'maparishi ndi m'mipingo yonse. Ndipo oimbawo sadalemere monga mmene matepi awo adagulidwira, kaamba ka anthu okopera mwakuba, ngakhale bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liteteze eni luso.

Nyumba yosindikizira ija idadzukanso paphulusa. M'chaka cha 1995 idayamba kutulutsa magazini ya The Lamp, yokamba za Chikhristu, ndale ndi chikhalidwe, ndipo pambuyo pake padabwera magazini ya achinyamata ya Together ndi nyuzipepala ya Chichewa ya Mkwaso. Mu 1999 dayosizi ya Mangochi idaona kutsegulidwa kwa Radio Maria, yomwe idapatsa makwaya a m'midzi mwayi womveka kutali, ndipo mu 2007 wailesi ya kanema ya Luntha idayamba kuulutsa kuchokera ku Balaka komweko. Alleluya Band idasinthana mibadwo ya oimba, idayenda maulendo ambiri ku Italy kukaimba ndi kupempha thandizo la ntchito za Andiamo, ndipo mu 2018 idakwanitsa zaka makumi anayi, msinkhu womwe magulu oimba a m'dziko muno safikapo kawirikawiri. Matepi adatha, makompyuta adalowa m'nyumba zojambulira za m'mizinda, ndipo achinyamata adatembenukira ku zamba zina, kotero kuti Balaka idaleka kukhala likulu la nyimbo monga idalili.

A Lucius Banda, omwe adakhalapo phungu wa Nyumba ya Malamulo wa dera la kumpoto kwa Balaka ndiponso mlangizi wa mtsogoleri wa dziko pa za achinyamata ndi zaluso, adamwalira pa 30 Juni 2024 m'chipatala ku South Africa atadwala impso kwa nthawi yaitali. Mawailesi a dziko lonse, kuphatikizapo ija idaletsapo nyimbo zawo, adaziulutsa usana ndi usiku. Thupi lawo lidabwera kwawo ku Balaka, kumene khamu la anthu, atsogoleri a boma ndi otsutsa, ansembe, abusa, mashehe ndi oimba anzawo adasonkhana kudzaperekeza. Adaikidwa m'mudzi wa Sosola, kamtunda pang'ono kuchokera pa parishi pomwe adayambira kuimba ali mwana mu 1983.